Disiki ikukhota, ikumenya mitengo, ikugwera m'madzi: mavuto a disc golf kuno ku Chigwa cha Shire

Mafunso ake ndi omwewo omwewo Loweruka lililonse tikakumana kosewera disc golf, masewera oponya disiki ya pulasitiki kuchoka poyambira mpaka ilowe mu basiketi yachitsulo ya matcheni, wopambana n'kukhala amene waponya kochepa. Bwanji disiki yanga ikungothawira kumanzere, bwanji ndikungomenya mtengo woyamba, bwanji ndaponya bwinobwino koma yagubuduka mpaka kukhwawa, nanga yagwera m'dziwe ija tiitenga bwanji. Nde ndati bola ndizilembe pamodzi, aliyense azingopita pa vuto limene likumusautsa. Pa vuto lililonse ndayamba ndi chifukwa chimene chimavuta anthu ambiri, kumatsika mpaka chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

Malo athu ndi odzikonzera tokha m'munsi mwa mapiri mbali ya kuno ku Chikwawa, pali zitunda za miyala, mitsanya, misawu, khwawa komanso dziwe la bango kumunsi. Malamulo amene nditchule ndi a PDGA, bungwe loyang'anira masewerawa limene Ed Headrick anayambitsa ku America mu 1976, koma dziwani kuti madzi a ku California kumene masewerawa anakulira ndi madzi a kuno n'zosiyana, nde pena ndiwonjezerapo zathu. Zonse ndikunena za munthu woponya backhand, kukoka disiki kudutsa pachifuwa kumbuyo kwa dzanja kukutsogola, ndi dzanja lamanja. Amanzere muzingotembenuza, pamene ndati kumanzere inu muziti kumanja.

## Yambani mwawerenga manambala

Madisiki ambiri amakhala ndi manambala anayi. Yoyamba ndi speed, kuyambira 1 mpaka 14, imanena mphamvu imene disikiyo ikufuna kuti iuluke bwino. Yachiwiri ndi glide, kutalika kwa nthawi imene imayandama m'mwamba. Yachitatu ndi turn, kuyambira +1 mpaka -5, ikatsika kwambiri ndiye kuti disiki imakhotera kumanja ikangochoka m'dzanja. Yomaliza ndi fade, 0 mpaka 5, mmene imabwererera kumanzere liwiro likatha. Mwachitsanzo, disiki yotchedwa Aviar, imene ndi putter, yoponyera pafupi, ndi 2, 3, 0, 1. Buzzz, imene ndi midrange, ya mtunda wapakati, ndi 5, 4, -1, 1. Leopard, imene ndi driver, yoponyera patali, ndi 6, 5, -2, 1. Destroyer, driver imene aliyense amaisirira, ndi 12, 5, -1, 3, ndipo mavuto ambiri ali m'munsimu amayambira pamenepo.

## Ikungokhotera kumanzere n'kugwa pafupi

1. Disiki yakukulirani. Ichi ndiye chifukwa chachikulu, ndipo anthu safuna kuchimva. Driver ya speed 12 ikapanda kulandira liwiro lokwanira imalumpha mbali yonse yowongoka ija n'kungoyamba fade pompo.
- Yesani: ponyani driver ndi midrange pa malo amodzi. Zikagwa moyandikana, driver ija sikukuthandizani chilichonse.
- Konzani: sewerani ndi putter ndi midrange basi kwa milungu ingapo. Midrange ikayamba kufika mamita 70 kapena 80 mowongoka, mutha kukwera pa speed 6 kapena 7.

2. Kutsogolo kwa disiki kwadzuka. Ikachoka m'dzanja itayang'ana kumwamba imakwera, kuima pang'ono m'malere, kenako kugwera kumanzere.
- Yesani: uzani mnzanu akujambuleni pa foni ali chakutsogolo cham'mbali. Komanso inu oponya mukamaona pamwamba pa disiki ikamapita, yadzuka.
- Konzani: weramitsani dzanja pang'ono pamfundo, chala chachikulu chikanikize pamwamba, ndipo mkono udutse pachifuwa mosakwera, osati kuchoka m'chiuno kupita kuphewa.

3. Mukuponya chokwera chitunda. Pa chikweza disiki imataya liwiro msanga nde fade imabwera msanga. Tengani ya turn -2 kapena -3, kapena yopepukirapo, ndipo thupi lonse lipendekere motsatira chitundacho, osangodzutsa dzanja lokha.

4. Mphepo ikuchokera kumbuyo. Imaipondereza pansi n'kuipangitsa kubwerera kumanzere. Ponyani m'mwamba pang'ono ndi disiki yokhota mosavuta.

## Ikupita kumanja osabwereranso

1. Mphepo ya kutsogolo. Mwera ukamaomba miyezi ya June ndi July, hole iliyonse (njira yochoka poyambira kukafika pa basiketi) yoyang'ana kumwera imasintha khalidwe. Disiki imamva ngati yaponyedwa mwamphamvu kuposa mmene mwaponyera, nde imatembenuka. Tolani udzu wouma muuponye m'mwamba musanaponye, komanso yang'anani nsonga za mitengo, chifukwa pansi pa mitengo pamatha kukhala bata pamene m'mwamba muli chimphepo. Tengani ya turn 0 ndi fade 2 kapena kuposa, monga Teebird, muiponye motsika.

2. Mukuponya chotsika phiri. Ikamatsika imawonjezera liwiro yokha. Anthu ambiri akaima pamwamba n'kuona chigwa chonse mpaka minda ya nzimbe uko amatenga driver n'kukoka ndi mphamvu zonse, pamene midrange yoponya mofatsa, yolozetsa pansi motsatira kutsetsereka, ikanafika pomwepo.

3. Disiki yatha kapena yapindika. Pulasitiki yotchipa monga DX ikamenya mitsanya kangapo imayamba kukhota kwambiri kuposa manambala ake. Kwinaku kuli dzuwa lathu. October ndi November kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo disiki yosiyidwa pa dashibodi, pa malata kapena pansi pa katundu m'chikwama imapindika.
- Yesani: iikeni pa tebulo losalala, mukanikize m'mphepete. Ikamagwedera yapindika.
- Konzani: iviikeni m'madzi otentha koma osati owira, kenako muiike pamalo osalala ndi mabuku pamwamba mpaka izizire. Timaminga ta pulasitiki m'mphepete tichotseni ndi sandipepa yosalala, pang'ono chabe.
- Ikang'aluka kapena kubooka, yatha basi, ngakhale malamulo sailola.

4. Ikuchoka m'dzanja ikunjenjemera, ngati tayala la kabaza lopindika. Apa ndiye kuti dzanja likugudubuzika potulutsa. Chepetsani mphamvu, yesani ndi putter mutaima malo amodzi mpaka izichoka mosalala.

## Mukungomenya mtengo woyamba

Apa ndi pamene anthu amapsa mtima kwambiri, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi womwewo.

1. Mphamvu zachuluka. Mukakoka mwamphamvu zonse nthawi yotulutsa disiki imasokonekera, pena imachoka msanga n'kupita kumanzere, pena imakakamira m'dzanja n'kupita kumanja. M'nkhalango simufunika mtunda, mufunika kudutsa pa mpata. Ponyani ndi mphamvu zochepa, musathamange poyambira, sitepe imodzi kapena kungoima. Kuponya kawiri mamita 50 mowongoka kumaposa kuponya kamodzi n'kumenya mtengo wa pa mamita 10, disiki n'kudumphira mu msawu, inu n'kutaya maponyedwe awiri potuluka muminga.

2. Mukuyang'ana basiketi m'malo moyang'ana mpata. Sankhani mpata woyamba, mupeze chinthu chimodzi pakati pake, kaya tsamba kaya mwala wa patsidya, nde mulozetse pamenepo. Mukayang'ana mtengo umene mukuuopa, dzanja limapita komweko.

3. Mapazi akuloza kwina. Jambulani mzere pansi ndi kamtengo kuchoka poyambira kuloza pa mpata. Mukaponya onani pamene phazi lakutsogolo laponda. Ambiri amapeza kuti thupi limapita kwina, maso kwina.

4. Njira yake si ya backhand. Hole imene ikukhotera kumanja kumapeto imafuna forehand, kuponya cham'mbali chikhatho chikutsogola, chifukwa forehand ya dzanja lamanja imathera kumanja. Simukufunika yamphamvu, ya mamita 30 yokha imakutulutsani m'malo ambiri, makamaka mukakhala kuseri kwa tsinde mungotambasula mwendo n'kuponya cham'mbali.

5. Njirayo yatsekeka. Dzinja likatha nthambi zimakula, mpata umene unalipo mu October umasowa mu April.

Imani apa: posewera, malamulo salola kuthyola nthambi kapena kuipinda kuti mupeze poponyera. Ndipo kunja kwa masewera, osatenga chikwanje n'kuyamba kudula mitengo ya eni. Pitani kwa eni malo ndi kwa a nyakwawa mukapemphe, ngati malowo ali m'nkhalango yotetezedwa ndi nkhani ya a zankhalango. Mitengo ya m'mapiri muno yatha kale ndi makala, ndipo tonse tinaona mmene madzi anatsikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Kusuntha poyambira mamita angapo n'kosavuta kuposa kugwetsa mtsanya.

## Yagwa bwino koma yagubuduka kutsika

1. Yatera ndi m'mphepete. Disiki ikafika itaimirira pa malo otsetsereka imadzuka n'kuyamba kuthamanga, ndipo nthaka youma ya chilimwe siigwira. Chinsinsi ndi kuiteretsa mogona mofanana ndi phirilo. Ngati kumanja ndi kumtunda, kumanzere kumunsi, hyzer, kutanthauza mbali yakumanzere ya disiki ili pansi, imagona bwino pa nthakayo. Ngati kumanzere ndiye kumtunda, hyzer yomweyo imabaya nthaka ndi mlomo n'kugubuduka, nde apo ponyani forehand kapena disiki yowongoka ya fade 0 kapena 1.

2. Yachokera m'mwamba kwambiri. Ikakwera kwambiri imagwa itapendekeka kwambiri. Ponyani motsika kuti ikhwekhwereze.

3. Mwalimbana ndi putt yosafunika, kuyesa kulowetsa disiki mu basiketi muli pa malo oopsa. Basiketi ili pa chitunda, kuseri kwake kuli phompho, inu muli pa mamita 12. Ikamenya chitsulo n'kugwa imapita mamita 30 kumunsi. Ingoikani pansi pa basiketi mofatsa, mumalize kachiwiri. Ndipo pofika pafupi yesetsani kugwera kumunsi kwa basiketi, chifukwa putt yokwera mukaphonya imagwera pompo, pamene yotsika mukaphonya mukaitola kukhwawa.

4. Pulasitiki yolimba. Pa miyala, putter yofewa imagwira nthaka kuposa yolimba. Ikathandize, koma sikonza zitatu zam'mwambazi.

## Ikungogwera m'madzi

1. Mukuyesa mtunda umene mulibe. Munthu amakumbukira tsiku limodzi limene anaponya patali n'kumati ndi mtunda wake. Ayi, mtunda wanu ndi umene mumafika tsiku loipa.
- Yesani: pitani pa bwalo la mpira, ponyani kakhumi, muyeze ndi masitepe yaifupi kwambiri mwa zonsezo.
- Konzani: ngati dziwe ndi lalikulu kuposa pamenepo, ponyani kufupi ndi gombe la mbali yanu, muoloke kachiwiri, kapena zungulirani. Anzanu aseka, koma disiki simungaigule pa Dyeratu kapena pa Nchalo, mudikira wachibale wochokera ku Joni.

2. Mantha. Woopa madzi amaweramira kumbuyo kuti disiki ikwere, kutsogolo kwake kumadzuka, imaima m'malere pakati penipeni pa dziwe n'kugwa. Lozetsani pa chinthu chimene chili mamita 10 kupitirira gombe la tsidya, ndipo tengani disiki imene simungaidandaule.

3. Fade ikuthera kumadzi. Madzi akakhala kumanzere kwa basiketi, backhand yanu imathera komweko. Lozetsani kumanja kwambiri kapena ponyani forehand kuti izithera kumtunda.

4. Mphepo ya pamadzi. Mukatuluka m'mitengo kufika poyera mphepo imakhala ina. Mukaponya hyzer mphepo ikuchokera kumanja, imalowa kunsi kwa disiki n'kuinyamula kupita nayo kumanzere kutali. Yang'anani mmene bango likuweramira.

Pa malamulo, kuti tisamakangane. Madzi amene mwagwirizana kuti ndi OB, kutanthauza kunja kwa malire osewerera, disiki ikazunguliridwa ndi madzi mbali zonse mumawonjezera kuponya kumodzi, nde mumasankha: kubwerera pamene munaponyera, kapena kuponyera mpaka mita imodzi kuchoka pamene inadutsira mzere komaliza, kapena pa drop zone, malo okonzeratu oponyerapo zikatero, ngati munaikapo. Mbali ina ikakhudza nthaka ya mkati, ili mkati. Zithaphwi za mvula zimene simunazitchule kuti ndi OB zilibe chilango, mumangobwerera m'mbuyo pa mzere wolozana ndi basiketi mpaka pouma. Ndipo mvetsetsani ichi: ngati gulu lonse laona kuti yagwera m'madzi, lamulo silikufunani kuti mukaitenge. Tengani ina, pitirizani.

Malangizo anga kwa okonza malo kuno: mzere wa OB musaike pa madzi penipeni. Ukokeni mamita 5 kapena kuposa kuchoka pagombe, muike miyala yopaka laimu, kuti pasakhale munthu woponya ataima chofulatira bango.

### Kuitenga

- Ikakhala pafupi, madzi osaya oonekera pansi, malo opanda bango: nsungwi yaitali yokhala ndi ngowe ya waya kunsonga, inu mutaima pouma, mnzanu akuyang'ana madzi osati disiki.
- Madisiki ambiri amamira. Alipo oyandama, monga Dragon ndi Hydra a Innova, koma pa madzi oyenda kapena pa namasupuni kuyandamako sikupindula kwenikweni.
- Lembani dzina ndi nambala kunsi kwa disiki ndi maka. Malamulo amafuna chizindikiro, komanso madzi akaphwa mu September zambiri zimapezeka m'matope.

### Pamene muyenera kusiya

- Madzi alionse olumikizana ndi Shire, Ruo, Mwanza kapena madambo a Elephant Marsh, ngakhale ngalande ya kumunda. Ng'ona siionetsa kuti ilipo, ndipo madzi osefukira amazisiya m'maiwe amene chaka chatha munalibe kanthu. Osalowa, osagwada pagombe, osapisa dzanja.
- Osatuma ana. Ndimaona anthu akutulutsa ndalama kuti kamnyamata kodyetsa mbuzi kalowe. Zimenezozo ayi, n'zoipa kuposa kulowa nokha.
- Ngati disikiyo mukuifunitsitsa, lankhulani ndi msodzi wa pamalopo amene ali ndi bwato. Mufunseni mwaulemu, "Bambo, pamenepa pamafikika?" Akati iyayi, nkhani yatha, iye amawadziwa madziwo kuposa inu. Akavomera mulipireni bwino, ndipo aikoke ali m'bwato.
- Mukaona ng'ona, mapazi ake kapena njira ya mvuu pafupi ndi hole, itsekeni hole imeneyo, mudziwitse amfumu ndi a nthambi yoona nyama zakutchire. Osayesa kuithamangitsa ndi miyala. Mvuu zimatuluka madzulo kukadya, nde hole za kumadzi muzisewere dzuwa lili m'mwamba, osati m'bandakucha kapena chisisira.
- Likodzo. Madzi odekha a bango ndi kumene kumakhala nkhono zake, ndipo tizilombo timalowera pakhungu, simuchita kumwa. Ngati munalowamo kale, makamaka mukaona magazi mumkodzo, kupweteka pokodza kapena m'mimba patapita milungu, pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amaperekedwa molingana ndi thupi lanu, osangogula pa msika.
- Khwawa nthawi ya dzinja. Kuno kutha kukhala dzuwa pamene kumtunda ku Thyolo kukugwa chimvula. Mukaona mitambo yakuda kuphiri, kapena madzi ayamba kuda ndi kubwera ndi zinyalala, tulukani m'khwawa msanga, disiki isiyeni.

## Yasowa muudzu kapena yakodwa mumtengo

1. Palibe amene anaiyang'ana mpaka pansi. Woponya amatembenuka n'kuyamba kudandaula disiki isanagwe. Pa hole yokwera chitunda kapena yokhota tumizani munthu mmodzi patsogolo aime kuseri kwa mtengo waukulu, azionerera.

2. Mukufuna malo olakwika. Pa phiri yambani kumunsi kwa pamene inagwera. Kawirikawiri imakhala pafupi kuposa mmene mwini wake akuganizira. Yang'ananinso m'mwamba, misawu imagwira disiki zambiri.

3. Mtundu wake. Yobiriwira imasowa dzinja, yachikasu ndi yofiirira imasowa mu udzu wouma. Pinki ndi buluu wowala ndiye zimaoneka nyengo zonse.

Lamulo limapereka mphindi 3 gulu lonse likufuna. Zikatha mumawonjezera kumodzi n'kubwerera pamene munaponyera. Ikakhala mumtengo, mumaika chizindikiro pansi molunjika ndi pamene ili, n'kuponyera pamenepo. Chilango cha disiki yokodwa pamwamba kupitirira mamita awiri chimagwira pokhapokha mutagwirizana musanayambe. Igwetseni ndi nsungwi kapena botolo la madzi, osagenda ndi disiki ina, zikodwa ziwiri.

Samalani izi:
- Gwedezani udzu ndi ndodo musanapise dzanja. Mphiri sithawa, imangogona phee pomwepo, ndipo mtundu wake ndi wofanana ndi masamba ouma. Pansi pa miyala pamakhala zinkhanira.
- Chitedze chikauma musachiyandikire, ndipo disiki imene yagweramo itsukeni musanaibweze m'chikwama.
- Mlambe wa mphako nthawi zambiri umakhala ndi njuchi. Pa njuchi, mavu kapena njoka malamulo amalola kubwerera m'mbuyo pa mzere popanda chilango.
- Munthu akalumidwa ndi njoka: osacheka, osayamwa, osamanga chingwe chothina. Vulani mphete kapena nsapato, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Osataya nthawi kusaka njokayo.

## Ikupulumuka m'dzanja, kapena phazi likuterereka

Choyamba ndi thukuta. Yendani ndi kathaulo kawiri, kena ka disiki kena ka manja, ndipo fumbi louma la pansi pompo limathandiza. Chachiwiri ndi matope ouma kunsi kwa mlomo wa disiki, tsukani ndi sopo. Chachitatu ndi poyambira pa timiyala kapena pa dothi lakuda lija loterera mvula ikagwa, sesani, salazani, kapena ingoponyani mutaima. Chomaliza ndi nsapato, ma silipasi pa chitunda cha miyala ndi minga ya msawu mukudziputira dala. Phazi lakutsogolo liyenera kuzungulira pa chidendene mukamaliza kuponya, likakanirira pansi bondo ndi limene limalipira.

## Putt ikulowa koma ikutulukanso

Mabasiketi athu ndi owotcherera kuno konkuno, nde musathamangire kudziimba mlandu.

1. Matcheni achepa. Mzere umodzi wa matcheni umalola disiki kudutsa kapena kumenya chitsulo chapakati n'kubwerera. Mabasiketi abwino amakhala ndi mizere iwiri, wakunja ndi wamkati, matcheni 24 kapena kuposa.

2. Matcheni alemera kapena achita dzimbiri. Tcheni chokokera ngolo sichigonja disiki ikachimenya. Gwedezani ndi dzanja, chiyenera kuyenda momasuka pamodzi ndi mphete ya pansi.

3. Basiketi yapendekeka. Dothi la kuno limang'aluka chilimwe n'kufufuma dzinja, mzati umasuntha. Mangani mwala pa chingwe muyerekeze. Mlomo wa dengu logwira disiki lija uyenera kukhala pafupifupi masentimita 82 kuchoka pansi, m'mimba mwake pafupifupi 66.

4. Inuyo. Mukuponya mwamphamvu kwambiri kapena m'mbali. Sankhani mphete imodzi ya tcheni chapakati mulozetse pamenepo. Kumbukiraninso kuti mkati mwa mamita 10 simuloledwa kugwera kutsogolo mukaponya, muyambe mwaima bwinobwino.

Chitsulo chikathyoka pa joini kapena pakhala nsonga yakuthwa, osamanga ndi waya kapena mphira. Zulani mupite nayo kwa owotcherera, mutenge disiki imodzi aone kukula kwake, chifukwa ena amasiya mipata ikuluikulu pa dengu moti putter imatulukira pansi.

## Thupi likudandaula

Chigongono kapena phewa. Kawirikawiri ndi kuponya ndi mkono wokha, chiuno ndi miyendo zili chiimire, makamaka pa forehand. Kenako kuyamba ndi driver thupi lisanatenthe, kenako kuimitsa mkono mwadzidzidzi poopa mtengo uli pafupi. Yambani ndi putter mphindi khumi, lolani thupi lizungulire mpaka kumapeto. Kuwawa kwa minofu kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Koma mukamva kuthyoka, kutupa, dzanzi m'zala, kapena mkono ukukanika kukwera, siyani kuponya mukaonane ndi achipatala, osangopaka mankhwala otentha n'kubwereranso Loweruka. Kakolo wobinya pa chitunda amene sakutheka kupondera afunika X-ray.

Mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu. Ndi dzuwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, kenako njala, kenako mowa wa dzulo. Miyezi yotentha yambani m'mawa ndi hole za kuphiri, pofika 10 koloko mukhale mutamaliza. Aliyense anyamule malita awiri kapena kuposa, ndi paketi ya Thanzi ORS m'chikwama. Mkodzo ukada, mwachedwa kale kumwa. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kusanza kapena kukomoka, imeneyo si nkhani yopumira pa mthunzi basi. Mugonekeni pa mthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, wina athamange akaitane njinga yamoto kapena galimoto yopita kuchipatala, ndipo ngati sakudziwa kanthu musamumwetse madzi. Mutu ndi kutentha thupi zikapitirira mpaka mawa lake, kayezetseni malungo.

Ziphaliwali. Mvula zoyamba za November ndi December zimabwera nazo. Mukangomva bingu chokani pamwamba pa chitunda, pafupi ndi basiketi komanso pansi pa mtengo wautali umene uli wokha, mukalowe m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanabwerere.